Kamluzu ka mu Ampu ya Aphunzitsi

Amuna anga amakonza maampu, makina aja amene amapatsa nyimbo mphamvu kuti ituluke m'masipika n'kusowetsa aneba mtendere. Akanandimva ndikunena choncho bwenzi atakwiya, chifukwa iwo amati sakonza, amachiza. Dzina lawo lenileni linafufutika kalekale pakamwa pa anthu. Mumsewu mwathu aliyense amangoti a Khutu, ndipo ngakhale ine, amene ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi ziwiri n'kuwaberekera ana atatu, ndikapsa mtima ndimati a Khutu basi.

Si kuti makutu awo ndi aakulu, ngakhale kuti si aang'ononso. Dzinalo linachokera pa kagwiridwe kawo ka ntchito. Okonza anzawo akatsegula ampu amatenga mita, n'kumatosatosa ndi timawaya tiwiri tija, kofiira ndi kakuda, mpaka singano iwauze pamene pali vuto. Amuna anga mita ali nayo, inde, koma ntchito yake ndi yopsinja mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Iwo amayatsa ampu isanatsegulidwe n'komwe, n'kutsinzina, n'kupendeketsa mutu, kukamwa yasa. Ikatha mphindi imodzi amati, "Kapasita yaikulu ya kumanzere yatupa." Mwini wake amaseka. Akamasula masikuluwu anayi, kapasita ija imapezeka itatupadi ngati chithupsa, mwini wake n'kusiya kuseka. Khutu limenelo ndilo linatiphunzitsira ana, ndilo linafolera nyumba ino, ndipo amuna anga alibe china chonyadira kupatula lomwelo. Kuvina sadziwa. Dzira sangathe kukazinga. Ndiye mumvetse kuti chaka chimene khutulo linayamba kuwanamiza, panalibe pena pamene akanagwira.

Khutulo ine ndalitumikira kuposa mmene ndatumikirira mwini wake. Malo awo a ntchito ndi chipinda cha kumaso kwa nyumba yathu, ndipo makina anga osokera ali pakona ya chipinda chomwecho. Akafuna kumvetsera amangokweza chala chimodzi m'mwamba. Chala chimenecho chikakwera, phazi langa lichoke pa makina, firiji izimitsidwe, supuni isagunde kapu. Ana athu anaphunzira kulira chamumtima asanaphunzire kuyenda. Galu wathu woyamba anathawa yekha, ndikhulupirira kuti anatopa ndi kuuwa monong'ona.

Ndisaname, khutu lomwelo ndilo linandikola. Anabwera kwathu kudzakonza wailesi ya bambo anga, ine powapatsa madzi akumwa ndinangoti, "Madzi awa." Iwo anatsinzina n'kunena kuti, "Tanenaninso." Ndinanenanso. Anati, "Mawu anu ndi oyera, alibe phokoso ngakhale pang'ono." Ine ndi utsikana wanga ndinayesa ndi chikondi. Ndinadzazindikira patapita zaka kuti mawu omwewo amauzanso sipika ikawasangalatsa, ndipo sipikayo amaisisita pamwamba.

Makasitomala awo amawaika m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi chitonzo chake. Pali amene fyuzi ikapsa amaikulunga ndi kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya, n'kumadabwa kuti utsi wachokera kuti. Pali amene amabwera ndi ampu yodzaza mphemvu, n'kumalumbira kuti kwawo kulibe mphemvu. Ndiye pali azibambo ofuna besi. Amenewa amafika atanyamula ampu yabwinobwino n'kumati, "Tangoiwonjezerani mphamvu, bwana, ikamalira mbale zizigwa m'kabati." Amuna anga amawayang'ana kuyambira kunsapato, kenako n'kuwauza kuti thiransifoma yaing'ono singasenze katundu wa yaikulu, ndipo munthu wofuna kuti mbale zigwe angozikankha ndi dzanja. Koma akalalata mpaka kutopa amawaikirabe makapasita aakulu ndi matiranzisita atsopano, chifukwa nafenso timadya.

Adani awo enieni ndi tinsalu toluka tija timene amayi amayala pamwamba pa ampu kuti pabalaza paoneke bwino. Timatseka mabowo otulukira mpweya wotentha, ampu n'kupsa. Amuna anga amatitukwana tsiku ndi tsiku. Amene amaluka tinsaluto n'kumagulitsa mumsewu wonse uno ndine, ndipo nkhani imeneyi m'banja mwathu sitiikamba.

Chaka chatha zinthu zinayamba kusintha, ndipo woyamba kuona ndinali ine. Ketulo inkalira pamoto iwo ali pomwepo osatembenuka. Wailesi ya m'mawa anayamba kuikweza pang'onopang'ono. Ndikalankhula ankati, "Mayi, mwayamba kudya mawu, tsegulani pakamwa." Ine kudya mawu! Ine amene ndikaitana mwana ali kuseri kwa msika amayankha! Ndinangoti ndi ukalamba wa tonse, n'kuzisiya.

Kenako kunabwera ampu ya aphunzitsi. Aphunzitsiwa ndi bambo wopuma ntchito, akazi awo anamwalira, ndipo ndi aulemu mpaka kukwiyitsa, anthu oti akagunda mpando amaupepesa. Ampu yawo inali yachikale, ya matabwa m'mbali, yolemera moti anaibweretsa pa wilibala atayalamo bulangete. Mbali imodzi inkathetheka ikamalira. Amuna anga anaikonda pomwepo. Anati zoterezi anasiya kupanga, za masiku ano ndi zitini zongopenta. Vutolo analipeza tiyi wa aphunzitsi asanazizire: pamalo amodzi mtovu wowotcherera unali utasweka, ndipo m'kabatani kopotokola ka volyumu munali fumbi la zaka zambiri. Anawotcherera, anapukuta, kuthetheka kunatha. Zikanathera pomwepo bwenzi ndilibe nkhani.

Koma aphunzitsi, pofuna kusangalatsa mmisiri, anati, "Ngati muli china chokalamba mmenemo, a Khutu, sinthani ndithu, mundipangire ngati yanu." Mawu amenewo kwa amuna anga ali ngati kupatsa chidakwa kiyi wa bala. Tsiku lomwelo anachotsa makapasita onse akale n'kuika atsopano. Mawa lake masana aphunzitsi atabwera kudzatenga katundu wawo, amuna anga anayatsa ampu ija popanda nyimbo, kuti awaonetse mmene ampu yathanzi imakhalira zii. Chala chinakwera. Anatsinzina. Mutu unapendekekera uku, n'kupendekekeranso uko. Nkhope inayamba kuchita makwinya.

"Muli kamluzu," anatero.

Tonse tinatchera khutu. Ine sindinamve kanthu, kupatula njinga ya moto imene inkadutsa patali ndi mimba ya aphunzitsi.

"Kang'onong'ono, kokwera, ngati ka udzudzu. Aphunzitsi, mukukamva?"

Tsono taganizani, munthu waulemu ngati uja afunsidwe ndi a Khutu enieni ngati akumva. Aphunzitsi anawerama mpaka tayi inakhudza tebulo, n'kunena kuti, "Eee, kalipo. Patali ndithu, koma kalipo."

"Mayi, nanga inu?"

Apa ndiye pali tchimo langa, ndipo sindilibisa. Zaka zonsezi sindinawapezepo atalakwa pa nkhani ya kamvekedwe ka chinthu. Pa za ana amalakwa, pa za mvula amalakwa, pa za abale awo amalakwa tsiku lililonse, koma pa kumva ayi. Ndinaganiza kuti khutu logontha ndi langa, ndipo ndinachita manyazi. Ndinati, "Ndikukamva, bambo." Basi, ampu ija sinatuluke m'nyumba mwathu tsiku limenelo.

Sabata yoyamba anabwezeretsa makapasita akale, poganiza kuti atsopanowo ndi achinyengo. Kamluzu kalipo. Anachotsanso akalewo n'kuika ena ochokera kusitolo ina, atatukwana kaye wa sitolo yoyamba uja mpaka azigogo ake. Kalipo. Anasintha matiranzisita onse, imodziimodzi, akasintha n'kuyatsa, n'kumvetsera, n'kuusa moyo. Anasuntha mawaya kuti asayandikane ndi thiransifoma, anawamanga, anawamasula. Kamluzu sikanasunthe.

Sabata yachiwiri anayamba kusaka mfiti kunja kwa ampu. Anaimba mlandu babu lalitali la kudenga, n'kulichotsa. Anaimba mlandu foni yanga, n'kuilamula kuti izikhala kukhitchini. Anapita kwa wowotcherera zitsulo wa tsidya la msewu kukamuuza kuti makina ake akuipitsa magetsi a dera lonse, ndipo anabwerako atauzidwa mawu amene sindingawalembe pano. Maampu a anthu ena anaunjikana kuseri kwa chitseko, eni ake akubwera n'kubwerera chimanjamanja. Ena anayamba kunyamula katundu wawo n'kupita naye kwina, zimene sizinachitikepo kuyambira pamene tinakwatirana.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atatenga mita ija, ataipukuta fumbi, akutosa ndi timawaya mobisa, atafulatira khomo. Mapepala anali mbwee pansi. Ndinachita mantha kuposa mmene ndikanachitira ndikanawapeza ndi mkazi wina. Mita inati zonse zili bwino. Iwo anati mitayo ndi yabodza, n'kuibweza pa mapepala.

Aphunzitsi ankabwera Lachiwiri lililonse. Ankapeza ampu yawo itang'ambidwa pamimba, matumbo ake atayalidwa pa thireyi yanga ya alendo, n'kumati, "Musadzipanikize, a Khutu, ine ndilibe changu." Koma ndinkaona mmene ankayang'anira matabwa aja. Ampuyo anaigula limodzi ndi malemu akazi awo, ndipo chiyambireni kukhala okha ndiyo inkawachezetsa m'nyumba. Lachiwiri lachitatu ndikuwaperekeza pageti, anayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona.

"Mayi, mundikhululukire funso ili. Kamluzu kaja inu mumakamvadi?"

"Nanga inu, aphunzitsi?"

"Ine, mayi, ngakhale belu la kusukulu ndinasiya kulimva ndisanapume ntchito. Ndinkangoona ana akuthamanga."

Tinayang'anana, akuluakulu awiri a imvi, abodza tonse. Ndinayamba kuseka, koma ndinaleka msanga, chifukwa ndinakumbukira ketulo ija. Ngati ine sindikamva, aphunzitsi sakamva, mita sikaona, ndiye kuti kamluzuko kali malo amodzi okha, ndipo malowo samasulidwa ndi sikuludiraiva.

"Muwauze ndinu," ndinatero. "Ndinu ophunzira."

"Aaa, mayi, ine ndine mlendo. Akazi awo ndinu."

Anakwera njinga yawo n'kuthawa, tayi ikuuluka paphewa.

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinayamba mozungulira pa nthawi ya chakudya, ndinati mlamu wanga wina anayamba kumva kulira m'khutu ndipo akuchipatala anamuthandiza. Amuna anga anati mlamu wangayo chibadwire sanamvepo kanthu, n'chifukwa chake anakwatira mkazi uja. Ndinayesanso mawa lake, ndinati, "Bambo, bwanji mupumitse makutu masiku awiri?" Anaika supuni pansi n'kundiyang'ana ngati ndatukwana mayi awo. "Khutu langa silitopa, mayi. Chatopa ndi chitsulo." Anali atatha thupi, lamba atasunthira pa bowo lina. Ndinawamvera chisoni ndipo ndinawakwiyira nthawi yomweyo, chifukwa munthu ameneyu mawu a pakamwa sawakhulupirira, amakhulupirira chimene wayesa yekha. Iwo omwe amanena kuti ukafuna kudziwa kumene phokoso likuchokera, uzichotsa zinthu chimodzichimodzi mpaka phokosolo lithe. Anali atachotsa chilichonse, kupatula ampu yeniyeniyo.

Loweruka masana, dzuwa lili pamutu, analumikiza ampu ija mwachidule osatseka pamwamba, n'kuiyatsa. Kababu kake kofiira kanayaka. Chala chinakwera, maso anatsinzina. Ndinavula masilipasi, ndinanyang'ama mpaka m'kanjira ka kuchipinda kumene kuli bokosi la magetsi, n'kugwetsa swichi yaikulu. Firiji inali yozima kale, ndiye panalibe chowauza kuti nyumba yonse yafa. Ndinabwerera n'kuima pakhomo.

Kababu kaja kanali katazima. Iwo anali chitsinzinire, khutu pafupi ndi sipika.

"Ako!" anatero. "Kakwera tsopano. Mayi, lero ndiye kakumveka bwino, mukukamva?"

"Bambo, tsegulani maso."

Anatsegula. Anayang'ana kababu. Anagwedeza pulagi, anadina swichi ya ampu kawiri, kenako anatembenukira kwa ine.

"Magetsi ndazimitsa ndine," ndinatero. "Nyumba yonse."

Anayamba kaye ndi ukatswiri, monga mwa chizolowezi chawo. "Simudziwa kanthu inu. Makapasita aakulu amasunga mphamvu. Ampu siifa nthawi yomweyo."

"Amasunga nthawi yaitali bwanji?"

"Pang'ono. Mwina theka la mphindi."

"Tidikire."

Tinadikira. Wotchi ya pakhoma, imene ndi ya batire, inayenda mphindi imodzi, ziwiri, zisanu. Anazula pulagi kukhoma, anazula mawaya a sipika n'kuwagwira m'manja. Mutu unali chipendekekere. Kenako anadzuka, anatuluka opanda nsapato, anadutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala mpaka kumpanda wa kuseri, kutali ndi chilichonse cha magetsi. Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzuwa likuwatentha padazi. Ine ndinkawaonera pawindo ndikulira, ndikudzitukwana kuti bola ndikanangowasiya ndi kamluzu kawo mu ampu.

Atabwerera anakhala pampando wa makasitomala, osati wawo. Anati, "Kanditsatira."

Lolemba tinapita kuchipatala. Dokotala anali mayi wa magalasi, msinkhu wa mwana wathu woyamba. Anawaveka zomvera m'makutu n'kuwauza kuti akamva kulira azikweza dzanja. Pa mawu otsika dzanja linkakwera msanga, monyada. Atafika pa mawu okwera ndinkaona dokotala akudina batani, dzanja lili phee pabondo. Anatifotokozera kuti zaka zonse zija zoika khutu pa sipika zinadya timitsempha tam'kati, ndipo khutu likasiya kumva mawu okwera nthawi zina limayamba kudziimbira lokha. Amuna anga anamvetsera bwinobwino, kenako anafunsa ngati mmisiri kwa mmisiri mnzake.

"Chapsa ndi chiyani kwenikweni? Sipeya yake imapezeka?"

Dokotala anati kachipangizo kothandiza kumva kalipo, koma chimene chapita sichibwerera, ndipo kamluzuko aphunzire kukhala nako. Amuna anga anagwedeza mutu n'kunena kuti nawonso amauza anthu choncho nthawi zina. M'basi pobwerera iwo ankangoyang'ana pawindo mpaka kunyumba, ine nditakumbatira chikwama.

Masiku awiri sanalowe m'chipinda cha ntchito. Lachinayi m'mawa ndinamva fungo la mtovu wosungunuka. Ndinasuzumira. Anali akulongosola m'kati mwa ampu ya aphunzitsi, mofatsa, waya ndi waya, mita ili pambali pawo, ndipo sanaibise nditalowa. Atamanga sikuluwu yomaliza anapukuta matabwa aja ndi kansalu, n'kudzuka pampando wawo, mpando umene ngakhale ana athu sanaukhalepo.

"Khalani apa, mayi."

"Ine? Ndili ndi diresi la eni ake pamakina."

"Khalani."

Ndinakhala. Unali wolimba, wopanda ngakhale kapilo, ndipo ndinadabwa kuti munthu angathere moyo wake wonse pa thabwa lotere. Anandisendezera sipika pafupi, anayatsa ampu, n'kundiuza zoti ndimvetsere: kung'ung'uza kotsika ngati kwa firiji, kuthetheka ngati kwa mafuta pamoto, kapena kalikonse kolira patali. Ndinamvetsera ndi mtima wonse, mpaka ndinamva magazi anga omwe akuyenda m'mutu.

"Palibe," ndinatero. "Ili zii."

"Zii ndithu?"

"Zii ndithu, bambo. Ngati yozima."

Anapuma mpweya wautali. Pankhope pawo panadutsa kunyada pang'ono, chifukwa ampu ya zaka zimenezo kuikhalitsa zii si ntchito ya munthu wamba. Kenako kunyadako kunachoka.

"Ndiye kuti inali zii kuyambira tsiku loyamba lija."

"Eya."

"Ndipo inu munati mukukamva."

"Ndinatero. Aphunzitsinso anatero, musaiwale, bodzalo silinali langa ndekha."

Ndinayembekeza kuti alalata, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho anayi. Sanalalate. Anaika dzanja paphewa panga, dzanja la zipsera za mtovu, n'kulankhula mokweza pang'ono kuposa mmene amafunira, monga amalankhulira masiku ano.

"Aphunzitsi asiyeni, iwo atenga ampu yawo n'kumapita. Koma inu, mayi, musadzandinamizenso. M'nyumba muno mwatsala makutu anu okha."